Mabotolo a Esinati

Achimwene,

Muli bwanji ku Bulawayoko? Kuno tili bwino, mwendo wanga wokhawu ndiwo ukuvutabe.

Mwana wanga Esinati wabwera kuchokera ku yunivesite. Akufufuza mmene dothi lakuda la m'dambo limasefera feteleza wochokera m'minda ya mpunga. Lachiwiri kudoko la Kachulu asodzi anamuzungulira, ati m'mabotolo ake otungira madzi muli mankhwala amene aumitsa nyanja ya Chilwa. Ine ndinatsomphola botolo limodzi n'kumwa madzi amatopewo, onse akuona.

"Mankhwalawo ali kuti?" ndinafunsa. Onse anabwerera kumabwato awo.

Komabe asodziwo akuti ndimuletse kufufuzako. Sindimuletsa! Mawa ndimuperekeza ndekha kudamboko.

Chonde mumutumizire majombo, mapazi ake ang'ambika. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Filesi