Mapazi a Amama pa Tepi

Petauke,
9 Julaye 2001

Wokondedwa mlongo wanga Mateus,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu anga a Elizabeth, ndi wa ana, Febian ndi Rhoda. Chifuwa cha Rhoda chija unanena chinatha? Ife kuno Mulungu akutisunga. Kuzizila ndiye kwanyanya chaka chino, ndipo alamu ako a Whiteson akudandaula msana monga mwa masiku onse.

Chiliza cha amama chatha kumangidwa. Dzina alemba bwino, sanalakwitse ngati pa mtanda paja. Tsiku lovundukula likadali lomwe lija, 18 Ogasiti, ndipo abusa avomela.

Iyi ndi kalata yachiwili. Yoyamba ndinang'amba chifukwa munali bodza.

Unandipempha kuti ndikukopele tepi ya ukwati wanga, ija anajambula mzungu wa bungwe logawa nyemba ku kampu ya othawa nkhondo ya Ukwimi. Unati ana aone agogo awo akuyenda ndi kuseka, popeza anabadwa utabwelela kale ku Mozambique. Unatinso iwe wemwe ukufuna kuwaonanso, poti kalata ya malilo inakupeza titaika kale. Ukudziwa kuti chithunzi chawo tilibe. Zonse zinapsa kumudzi nthawi ya nkhondo, ndipo nkhope ya amama inatsala pa tepi imeneyo basi.

Nyumba yathu sunaione chichotsedwele ntchito a Whiteson ku kopaletivu. Masiku ano amaonetsa mafilimu pamsika. Ali ndi tivi, masipika asanu, madeki awili oikamo matepi, ofanana ngati mapasa, ndi ampu, chibokosi chakuda chimene mawu ndi chithunzi zimadutsamo. Kumbuyo kwake kuli tizibowo tambilimbili. Waya wachikasu ndi wa chithunzi, wofiila ndi woyela ndi a mawu. Ampu imeneyi amaifunditsa nsalu yoluka, pamene ine bulangeti langa ndi la m'kampu lomwe lija. Munthu kuikhudza ndi mlandu.

Masabata atatu ndinawakumbutsa za tepi yako. Yankho linali limodzi, lakuti mailo, mailo, mawa losafika. Paja chaka chino ndi cha masankho, ndiye a zipani akulimbilana masipika awo. Lelo abweleka awa, sabata yamawa abweleka adani awo, ndipo a Whiteson onse amawaombela m'manja mofanana. Lachinayi lapitali anabwela nazo zonse kuchokela ku msonkhano wa chipani, anaziunjika pa shelefu osalumikiza mawaya a ampu, n'kukwela basi ya ku Nyimba ku malilo a amalume awo.

Ine mtima unandipsa. Ndinati zaka zitatu ndakhala ndikuona munthuyu akukopa matepi, chovuta n'chiyani? Ndinawoloka malile ndi iwe kumsana ukudwala, ndiye ndilephele mawaya a mitundu itatu? Kunyada kumeneko ndi kumene kwandigwetsa.

Kachitidwe kawo ndimakadziwa. Deki yapamwamba imasewela, yapansi imajambula. Ndinaika tepi ya amama pamwamba. Pansi ndinaika tepi yakale ya filimu ya ndewu ya kalate, imene anaimata selotepu kuti ijambulikenso, poti matepi atsopano amachokela ku Lusaka.

Nditatelo ndinaona kuti pa shelefu dzanja silifika kumbuyo. Ndinazula pulagi, n'kutsitsila zonse patebulo kuti ndione zibowo bwino. Ndinanyamula deki yapamwamba n'kuika patebulo. Ndinanyamula inayo n'kuisanjika pamwamba pa inzake.

Waona kale, eti? Ine sindinaone.

Ndinalumikiza mosamala ngati ndikulowetsa ulusi pa singano. Mawaya otuluka mu deki yapamwamba ndinalowetsa mu ampu, otuluka mu ampu ndinalowetsa mu deki yapansi, mtundu ku mtundu wake. Ndinayatsa, n'kudina batani losewela pamwamba ndi lofiila pansi. Tivi ndi masipika sindinayatse, chifukwa a Whiteson pokopa amazizimitsa, amati zimatentha pachabe. Ndinatenga ndowa n'kupita kukachapa ku mjigo, ndikuimba nyimbo, ndikuganiza mmene bambo wa mawayawo adzachitile manyazi.

Nditabwela ndinayatsa tivi ndi masipika kuti ndione pamene amama afika. A chipani aja anali atasiya mawu a ampu ali pamapeto penipeni. Mateus, nyumba yonse inagwedezeka. Amuna awili opanda malaya anali kumenyana mateche, kukuwa m'masipika onse, mpaka nkhuku panja zinabalalika. Ndinaima ndi zovala zonyowa m'manja osamvetsa. Kenako ndinayang'ana kanyale kofiila pa deki yapansi, ndipo ndinazindikila kuti tepi ya amama ndiyo ili m'menemo. Ndinazula pulagi, koma linali litapita pafupifupi ola lathunthu.

Ndafufuta amama. Ndalemba motelo kuti usavutike kufunafuna tanthauzo. Kulowa kwathu m'tchalitchi kwapita. Paja amandimanga duku akundikalipila kuti ndileke kugwedeza mutu papita. Paja anayang'ana kamela n'kuseka ataphimba pakamwa chifukwa cha dzino lija papitanso. Pamalo pawo pali anthu achilendo akuthyolana nthiti.

A Whiteson anabwela Loweluka. Ndinayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna akalipe. Iwo anagwada kumbuyo kwa tebulo, n'kutsata waya uliwonse ndi chala. Atatha anati palibe ngakhale umodzi wolakwika, iwo omwe sakanaposa pamenepo. Mawu amenewo anandilasa kuposa chitonzo.

Anati mlandu ndi wawo, chifukwa pa tepi pali kapulasitiki kamene ukathyola sijambulikanso, ndipo zaka zonsezi sanakathyole. Anatinso manje tizakamba chabe kuti tepi inagwila nkhungu na mvula, mulamu sazaziba. Ndinavomela. Ndinalemba kalata ya nkhungu ija, yokoma bwino, mpaka ndinafika nayo pakhomo la positi. Pamenepo ndinakumbukila kuti pa chiliza ndidzaima pafupi ndi iwe, amama ali pansi pathu. Ndinabwelela nayo.

Tsopano ndikuuze chimene chatsala. Ndi mphindi zisanu ndi imodzi zakumapeto. Ukwati unali utatha, ndipo mzungu uja anaika kamela pa benchi osaizimitsa. Nkhope ya munthu palibe. Pakuoneka fumbi, mwendo wa tebulo, ndi mapazi a anthu akuvina.

Ndinaonela katatu ndisanawazindikile. Mapazi awili ali mu nsapato zachimuna zazikulu, zansalu zoyela. Ndi zako zija, unawabweleka chifukwa zawo zinaduka m'mawa wa tsikulo. Akuvina mokoka phazi lamanzele, monga ankachitila chipondele chisonga paulendo wothawa nkhondo uja. Nsapato imodzi ikuvuka, akuibweza ndi chala, osaleka kuvina.

Kenako mapaziwo akuima pafupi ndi benchi, ndipo mawu akumveka. Pa tivi yokha sungawamve, ng'oma zikuphimba. A Whiteson anakhala tsiku lonse la Sabata akutembenuza timabatani ta ampu, kuchepetsa ng'oma, mpaka mawu anatulukila pa sipika yapakati ngati munthu ali m'nyumba. Amama akufunsa kuti Mateus ali kuti. Wina akuyankha kuti wapelekeza alendo ku msewu. Iwo akuti mwanayo sanadye chiyambile m'mawa, mumusungile mbale yake, muivundikile.

Zaka zonsezi tinkazimitsa tepi ikafika pa fumbi pamenepo, poganiza kuti yatha. Sindinena izi kuti ndidzichotsele mlandu. Nkhope ndakulanda, iwe ndi ana ako, ndipo sindingathe kuibweza. Usiku tulo sindikupeza. Ndikuopa kuti ukawelenga kalatayi unena kuti ulendo wa ku Petauke ulibenso phindu.

Ndikukupempha, mlongo wanga, ubwele. Ukafuna kundikalipila, udzandikalipile pamaso, ndidzakhala pansi n'kumva. Febian ndi Rhoda ndidzawafotokozela nkhope ya agogo awo ndi pakamwa panga, ndipo pamene ndaiwala udzandithandiza. Kapulasitiki kaja ndathyola ndekha. Tepi ndaikulunga m'duku la amama, ndipo sindinalole kuti ikopedwe. Tidzakopa iwe ulipo, tivi ili yoyaka.

Undipelekele moni kwa alamu anga, kwa ana, ndi kwa azakhali a Ennie ngati maso akuwalolabe kuzindikila anthu. A Whiteson akupeleka moni. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulileni njila pa malile.

Undiyankhe msanga, ngakhale mzele umodzi. Amama anati tikusungile mbale, ndipo ine ndaivundikila.

Ndine mlongo wako wolakwa,
Dorika