Mpando wa Bambo mu Bandi

18 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Mwendo wa bambo ukumvako pang'ono, tsopano akufika pakhonde ndi ndodo, koma kamwa lija likadali lopotoka monga munalisiyira. Adokotala anandiuzira pambali kuti zoliza lipenga aiwale. Eni akewo sanauzidwe, ndipo kwa ine mawuwo akukanika kutuluka.

Ndasankha kalata chifukwa mukaimba foni bambo amakhala ali pambali panga. Mwezi watha, titamaliza kuyeserera, a Bandimasita anandiitana. Anati mpando wa yufoniyamu, lipenga lalikulu lija amaliza bambo, sungapitirire kukhala wopanda munthu.

"Palibe amene akufuna kuwachotsa bambo ako," anatero, "koma nyimbo zathu zikumveka zobooka pakati. Taika mayeso, nawenso uyese. Ubwere ndi nyimbo imodzi yodekha, timve ngati lipengalo limayimba m'manja mwako."

Mukudziwa kuti mu bandi ndimaliza kalipenga kakang'ono kumzere wakumbuyo, koma yufoniyamu ndi imene bambo anandiyambitsira, ndisanathe n'komwe kuikumbatira bwino. Nditafika kunyumba ndinawauza za mayesowo. Nkhope yawo inawala, mbali yomwe imathabe kuwala.

"Akuwonjezera mpando wachiwiri? Ndakhala ndikuwauza kalekale. Ndiye tikhala moyandikana, Mzime."

Achimwene, ndinangoti eya.

Mawa lake anandituma kutsitsa mapepala onse a nyimbo amene ali pamwamba pa kabati, tinawayala patebulo la pabalaza. Ine mtima unali pa nyimbo ina yothamanga, yoti zala zizivina pamabatani, chifukwa pothamanga mantha samveka. Anaikankhira kumbali ndi dzanja lawo labwino lija.

"Anakuuza yodekha. Zala aliyense ali nazo. Akufuna amve chifuwa chako."

Ndinaliza yachiwiri, anati ikulira kwambiri, ngati munthu wopempha kuti amumvere chisoni. Yachitatu anagona nayo tulo, atadzidzimuka anati ndiye yankho lake limenelo. Tinaseka mpaka malovu anawatuluka, ndinawapukuta. Kenako anasolola pepala lina lachikasu, long'ambika m'mphepete. Inali nyimbo ija ankaiyeserera kuchipinda mayi akusita zovala, imene imayambira pansi ngati munthu akuyankhula yekha, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndinaikana, ndinati pakati pake pali mzere wautali umene mpweya wanga sufika.

"Pa mayeso ulimbe nawo wekha," anatero. "Koma pa konsati usadandaule. Awiri akamaliza limodzi, wina amaba mpweya mnzake atamugwirira mawu, omvera osadziwa kanthu. Ndidzakugwirira."

Masana aliwonse ndikaweruka kuntchito ankakhala moyang'anizana nane, akumenya ndodo pansi pondiwerengera. Ndikathamanga ankati ndikuthawa ndani. Pena ndinkaona zala zawo zikudina pabondo ngati pali mabatani.

Tsiku la mayeso anandikakamiza kutenga yufoniyamu yawo, akuti yobwereka ku bandi imene ndinkayesererayo imalira ngati ndowa. Tinalipo atatu. Anzangawo analiza bwino, sindinganame. Ine ndinakhala pakati pa holo, mipando yonse ili yopanda anthu, a Bandimasita ndi akuluakulu awiri ali patebulo. Poyamba zinayenda. Nditafika pa mzere wautali uja ndinakumbuka mawu a bambo oti adzandigwirira, lipenga linangoti zii. Kenako ndinakoka mpweya n'kupitiriza mpaka kumapeto. Sindinaganizenso za mayeso.

A Bandimasita anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. Anati ndinaduka, inde, koma mawu amene akhala akuwasowa awamva. Mpando ndi wanga.

Pobwerera ndinakhala pamalo odikirira basi, chikwama cha lipenga chili pamiyendo, mabasi akundidutsa. Nditafika ndinawauza bambo kuti ndapambana. Anamenya ntchafu yawo ndi chikhatho, misozi ikutsika, n'kundiuza kuti nditulutse jekete lawo la bandi ndiliyanike lichoke fungo la m'kabati. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amadzitsekera kuchipinda ndi lipenga. Ndimamva ndili kukhitchini. Chimene chimatuluka ndi mphepo yokha, fuu, fuu, kenako chete, kenako ayambirenso. Akatuluka amati milomo ikubwerera.

Konsati ili kumapeto kwa mwezi wamawa. A Bandimasita akufuna nyimbo yomweyo ndidzalize ndekha kutsogolo. Adzipereka kubwera kudzayankhula ndi bambo, koma ndawapempha adikire, chifukwa nkhani yotere siyoyenera kuimva kwa munthu wakunja. Chonde, Achimwene, pemphani tchuthi mubwere ngakhale masiku ochepa. Inu amakumverani. Tidzawakhazike pansi tili awiri, ine ndekha ndikangoyamba ndimathera kuwafunsa ngati akufuna tiyi.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Bambo akupereka moni wambiri. Adziwa kuti ndikukulemberani, ndiye akuti musaphonye konsatiyo, ndipo mubwere ndi kamera yanu ija, mudzatijambule titakhala pamodzi kutsogolo. Akuti chithunzicho chidzakhale chachikulu, choika pakhoma.

Ndine mlongo wanu,
Mzime