Khoma Limene Munasiya Osamaliza

Malemu Zefaniya Chimbalanga, mmisiri wojambula zithunzi, wa ku Matandani, Neno

Abambo a Lameki, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Anthu amati nthawi ikapita mtima umazizira. Wanga sunazizire, ndipo sindinama pano chifukwa choti anthu awerenga. Mwana wanu Ruth amafuna ndingolemba kuti usani mumtendere, ngati momwe amalembera anzathu. Ndamuuza kuti mtenderewo mukhale nawo, koma muyambe mwamva.

Chithunzi chili pamwambachi tachotsa pa chiphaso chanu cha unzika. Mwatong'ola maso ngati munthu amene akumufunsa za mbuzi yosowa. Chabwino kuposa chimenechi tilibe. Munthu wojambula mudzi wonse, eti.

Munali ku Blantyre mukulemba zikwangwani za magolosale, ife kuno tikumwako tiyi wa shuga. Tsiku lina munangotulukira ndi thumba la maburashi, akuti kutauni dzanja likugwira ntchito koma maso akufa, mukufuna kujambula kwanu. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Inu munangoseka kuseka kwanu kuja kosamveka, mapewa okha akugwedezeka, m'mawa mwake n'kuyamba kuumba zidina kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mapichesi. Kanyumba kameneko inu mumakatcha situdiyo. Ine ndimati khola. Ndinakuuzani kuti otchani njerwazo, mvula ya kumapiri kuno simasewera. Munati kuotcha kuchedwetsa, zithunzi zikukuyabwani m'manja. Kodi ndinanama?

Penti wogula akatha mumandibera dothi langa lozirira nyumba. Katondo wofiira, makande akuda, ndi loyera lija ndimakakumba kudambo n'kukwera nalo chitunda lili pamutu. Ndikati lero ndizire pakhonde, ndimapeza beseni lili mbee. Mumasefera sefa wanga wa ufa, ana n'kumadya phala lamchenga. Mumawauza kuti chinthu uziyamba wachiyang'ana mpaka chikuuze chokha mtundu wake. Lameki mpaka lero amaima m'munda khasu lili m'manja, kuyang'ana phiri ngati laitana dzina lake, ndipo ndikamukalipira ndimamva ngati ndikukalipira inu.

Anamwino ndi aphunzitsi obwera kudzagwira ntchito kuno, akasamutsidwa, amagula tinsalu tanu kuti akaonetse kwawo kumene amakhala. Pa nsalu iliyonse panali pakhomo pathu pomwepa, m'mawa, madzulo, pa nkhungu, pa dzuwa. Nyumba yanga yapachikidwa ku Karonga, ku Nsanje, m'zipinda za anthu amene mayina awo ndinaiwala. Nsalu zotsala abale anu anagawana maliro atatha, pamodzi ndi njinga. Khoma analisiya chifukwa silinyamulika.

Khoma limenelo ndi limene ndalembera chikumbutso chino.

M'kanyumba kanu muja, khoma lonse loyang'anana ndi chitseko munalijambula ndi dothi, kuchokera pansi mpaka ku denga. Nkhokwe yathu yopendekeka ilipo. Mbuzi yothyoka nyanga ija ilipo. Lameki akusenda nzimbe ndi mano, Ruth akutsuka mbale atakwiya, malemu amayi anga akusankha nyemba m'lichero, mpaka mitsempha ya m'manja mwawo ikuoneka. Ngakhale a Laimoni oyandikana nafe, amene amangobwera kudzakusokosani ndi nkhani za mpira, alipo ndi chipewa chawo chong'ambika. Pakati penipeni, pakhonde, munasiya malo anga. Munangozunguliza ndi khala mutu ndi mapewa, mkati mulibe kanthu.

Ndikafunsa mumati, "Amayi a Lameki, inu simuthawa. Ndiyambe ndi zothawa." Kuwala kwa m'mawa kumathawa, maluwa a mapichesi amathawa, ana akukula. Ine mawa. Mawa lake linafika mpaka imvi. Chifuwa chija mumachibisa, mumakatsokomolera m'kanyumba mwanu mutatseka chitseko, ndikati tiyeni kuchipatala mumati ndi fumbi la katondo. Tinakunyamulani mochedwa. Ine sindinathawedi, ndili pompano. Anathawa ndani?

Chimene chimandidya mtima si kukongola ayi, nkhope yanga ndikuidziwa. Koma aliyense pakhomapo munamuona kena kake kamene ife sitimaona. Amayi anga ndimawayesa ouma mtima, inu munawajambula akumwetulira chamumtima, ndipo nditayang'anitsitsa ndinakumbuka kuti amaterodi akamasankha nyemba. Nanga ine mumandiona bwanji? Mukanandijambula nditatsegula pakamwa kukalipa? Kapena pali china chimene mumaona? Sindidzadziwa. Tinawononga nthawi, inu ndi mawa wanu, ine ndi ntchito zosatha. Tsiku limodzi lokha likanakwana, ine nditakhala pa mpando, inu mutagwira burashi, mbuzi zilowe m'munda ngati zikufuna.

Tsopano imvani momwe zinthu zilili. Chiswe chinalowa pansi. Kunabwera namondwe, ananyowetsa maziko, ndipo mng'alu wayambira pa nkhokwe munajambula ija mpaka paphewa pa amayi anga. Dzanja langa limalowamo. Lameki anachirikiza ndi mitengo ya bulugama, khoma likupendekekabe. Ruth anayesa kujambula pafoni, koma mkatimo ndi mwamdima, mitundu yanu ya dothi imatuluka ngati phulusa. Mphunzitsi wina analonjeza kubweretsa anthu a kutauni odziwa kusunga zinthu zoterezi. Tinasesa, tinadikira, mphunzitsiyo anasamutsidwa.

Muli ndi mdzukulu amene simunamuone, Chiyanjano, mwana wa Ruth. Kanyumba kanu ndiye kwake. Amakhala pansi pa khomalo n'kumaloza, uyu ndi amalume, uyu ndi amayi, iyi ndi mbuzi. Akafika pa malo a khala aja amandifunsa kuti agogo, uyu ndani wopanda maso? Mwezi watha chibuluma chinagwa kuchokera pamwamba, chinaphwanya kagalimoto kake ka mawaya, iye atangoimirira kumene kupita kukamwa madzi. Ndinamanga chitseko ndi waya. Analowera pawindo. Magazi anu amenewo, samva.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri a kumadzulo. Khomalo mvula ya chaka chino silipirira, ndipo ine sindidikira kuti lisankhe lokha nthawi yogwa ndi munthu womugwera. Ndinakwirira mwamuna, sindikwirira mdzukulu chifukwa cha chithunzi, ngakhale chikhale chanu.

Lameki wakana. Akuti kumenya khomalo kuli ngati kukwezera dzanja bambo ake. Ruth akungolira. Achemwali anu a ku Nsambe atumiza mawu kuti tisakhudze, koma iwo sagona kuno. A Laimoni akalamba, maso akuchita khungu, amabwera kudzapapasa chipewa chawo pakhomapo. Iwo ati tiitane anyamata aganyu agwetse ife titachoka. Ndakana. Alendo sangaphwanye amayi anga akucheza nkhani zawo.

Ndiye ndikukuuzani poyera, kuti musadzati sindinanene. Sabata ikadutsa, Lamulungu m'mawa, tisasula denga kuti dzuwa lilowe, aliyense wofuna aone khomalo powala kamodzi kokha. Ine ndikhala pa mpando wanu ndiliyang'ane mpaka ndikhute. Ndikaimirira, piki woyamba ndimenya ndine. Dothi lake ndinakumba ndine, ndinasenza ndine, ndipo mlandu wake ukhale wa ine ndi inu, ana asalowemo.

Akukulirani Lameki ndi mkazi wake, Ruth ndi Chiyanjano, achemwali anu, a Laimoni, ndi ine mkazi wanu Stelia.

Kuiwala sitidzakuiwalani. Ine nkhani yanga ndi inu sinathe.