Msinkhu wanu uja akuulimbirana kuno

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ndine Esinati wanu. Kuno ku Birmingham tili bwino, kungoti kuzizira kwa Febuluwale kwatilowa m'mafupa. Lero Lamulungu, tabwera kumene kutchalitchi, bambo a Tadala agona pampando tayi ili m'khosi, ndiye ndati ndikulembereni. Papita zaka zinayi chikuikireni m'manda, koma mpaka pano ndikaona chodabwitsa, munthu woyamba kufuna kumuuza mumakhala inu.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Achimwene anaimba foni sabata yatha. Mpongozi wanu wachira, mwana wamwamuna, ndipo akuti timapazi take n'tatitali ngati anu. Chimanga cha chaka chatha chinadzaza nkhokwe, china anachita kusunga m'matumba m'chipinda chanu chija. Chigafa cha fodya chinagwa ndi mphepo. Amanga china, koma chachifupi, ati palibenso munthu wofikira pamwamba popanda chopondera. Nditamva zimenezo ndinaseka, kenako ndinalira. Kunoko mavuto ndi aang'ono. Boiler yotenthetsera nyumba inatifera sabata ya Khirisimasi, tinagona ndi majekete ngati alonda, ndipo bondo langa lamanzere layamba kudandaula ndi ma-shift a kuwodi kuchipatala.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Munamusiya ali ndi zaka khumi ndi zitatu, akugona nanu pamphasa imodzi ine nditabwera kuno. Amayi, mwana uja watalika! Babu amasintha ataima pansi. Akakwera basi yosanjikiza n'kupita pamwamba, amayenda atapinda khosi. Ndi msinkhu wanu ndendende, uja anthu ankakutchulirani nawo kuti Mlongoti, uja munkaubisa poyenda chowerama kuti musaoneke kuti mwaposa abambo. Munkati, “Mkazi wamtali amaoneka ali patali, ndi zolakwa zake zomwe.” Tsono imvani: kuno anthu akuluakulu, ophunzira, akhala akukangana mwezi wathunthu kulimbirana msinkhu umenewo.

Tadala amasewera basketball. Uli ngati ntchemberembaye, koma amathamanga akunjanjitsa mpira pansi, ndipo pogoletsera pake pali m'mwamba kwambiri. Timu yake ndi ya azimayi, ya ku Aston, yaing'ono, yobwereka holo ya pasukulu. Ine anandiika m'komiti, osati poti ndimadziwa mpira, koma poti ndine ndimachapa majezi.

Zinali chonchi. Polowa timuyo panali pepala la mgwirizano, contract, ndipo poti Tadala ndi mwana, ndinasayina ndine. Pepalalo likanatha mu Meyi, ndipo mu Juni akukwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kuyambira pamenepo amatchedwa free agent, kutanthauza munthu wopanda chingwe: apita kumene wafuna, timu yomwe inamulera siipezapo kanthu, ndipo dzanja langa papepala silifunikanso. Ndiye timu ina yaikulu ya kumpoto kwa England inabwera mu Januwale, ikumufuna pompano. Inati ipereka osewera awiri m'malo mwake, imupezere malo kukoleji ndi banja lokhala nalo. Funso linali lakuti: timupereke lero tipezepo awiri, kapena timusunge mpaka Meyi adzachoke yekha ife titangogwira m'chiuno?

Pamsonkhano panali moto. Auntie Bev, mayi wa ku Jamaica amene anayambitsa timuyi, anamenya tebulo. Anati chiyambire sitinafikepo pafupi ndi chikho ngati chaka chino, ndipo kupereka Tadala n'kutaya nyama ili kale pakamwa. Akochi athu, mzungu wofatsa amene ankamanga magalimoto ku Longbridge mpaka fakitale itatsekedwa, anayankha motsitsa mawu. Anati iwo anaona anthu akukakamira, akuti chaka chamawa zikhala bwino, mpaka anatuluka pageti chimanjamanja. Anati timu iyenera kuganiza za chaka chamawa, osati za Loweruka lokha. Povota, atatu uku, atatu uku. Maso onse anatembenukira kwa wochapa majezi. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo ndinapempha sabata imodzi.

Ndikuuzeni zoona, poti inu sindinkatha kukunamizani. Pakamwa ndinkati ndili ndi Auntie Bev, tikufuna chikho. Bodza! Chikhocho ndingamwere chiyani ine? Ndinkafuna mwana wanga akhale m'nyumba miyezi ina isanu, ndizimva masitepe akulira akamatsika, ndizimukalipira za masokosi.

Loweruka la sabata imeneyo kunali masewera masana. Ndinasinthana shift ndi mnzanga wa ku Zambia kuti ndikaonere. Kawirikawiri ndimakhala kumbuyo ndikupinda matawulo, koma tsiku limenelo ndinakhala kutsogolo, ndinati ndione chimene anthuwa akukanganirana. Amayi, ndilibe mawu. Kutatsala pang'ono kuti athe, mtsikana wa timu inayo anaponya mpira, tonse tinaona kuti walowa basi. Tadala anachokera kumene sindinaone, ananyamuka. Ananyamuka, Amayi! Dzanja lija linakwera, n'kukwerabe, ngati mmene munkapachikira ndawala za fodya pamtanda wapamwamba, n'kuuthyola mpirawo m'malere. Asanatere bwino anali atauyamba ulendo, anadutsa atatu, n'kukauika mu ukonde mofatsa ngati akuika dzira m'chisa. Holo yonse inati zii, kenako inaphulika. Ine sindinaombe m'manja. Thupi linachita tsembwe, ndinagwidwa ndi mantha aja amene munthu umamva pa Mgonero. Ndinadzifunsa kuti, kodi chinthu chimenechi chinatuluka mwa ine? Ine wamfupi ngati mtondo? Ndinaona mapewa anu, khosi lanu, koma zitawongoka.

Tikubwerera pagalimoto ndinamufunsa m'Chichewa kuti iye akufuna chiyani, poti m'komiti monse palibe anali atamufunsa. Anayankha m'Chingerezi monga mwa ana akuno. “I want to go, Mum. I'll stay till summer if you say so.” Titafika pamaloboti anawonjezera, “But in June I won't have to ask you.” Sananene mwamwano ayi. Amandiuza kuti akufuna kupita, kuti ndikakana adikira, koma ikafika Juni sadzafunikanso kundipempha. Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

Pamenepo m'pamene munandibwerera. Mukukumbuka kalata yanga ya ntchito ya kuno itafika? Miyendo yanu inali itayamba kutupa. Ine namwino ndinaona, ndinadziwa, inunso munadziwa. Ndinati ndidikire chaka chimodzi. Munali mukusoka fodya pakhonde, osandiyang'ana n'komwe, munati, “Tsamba likakhwima umathyola wekha ndi dzanja lako. Ukalisiya limagwa lokha, ndipo silikutsanzika.” Ndinkayesa mukunena za fodya ndi za ntchito. Pa depoti ya ku Mponela munandiuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kundikankhira m'basi. Nditasuzumira pawindo ndinakuonani mutaima chilili, msana uli nji, mutu pamwamba pa anthu onse. Moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo limene ndinaona msinkhu wanu wonse. Munadziwa kuti sitidzaonananso, koma munafuna kuti ndipite mutandipereka ndinu. Zanditengera zaka zisanu ndi mpira wa azungu kuti ndimvetse kukula kwa chimene munachita. Munalimba bwanji, Amayi?

Lolemba ndinavota ndi akochi, ndipo ndinasayina pepala lomumasula.

Kaya timu inachita bwino kaya inalakwa, sindikudziwa. Masewera oyamba opanda Tadala tinagonja koopsa. Achiwiri tinapambana mwamwayi, atsikana awiri atsopano aja ayamba kuzolowera. Auntie Bev amandipatsa moni wa pamphuno, ndipo mwina akulondola, mwina chikho tachitaya. Majezi ndikuchapabe.

Tsono pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Mwezi wanga woyamba kuno ndinapeza shopu yogulitsa nsapato za akazi amapazi aakulu. Ndinaima pawindo pakamwa pali yasa. Inu amene munkapita ku Chigwirizano mutavala nsapato zachimuna za malemu abambo, poti zachikazi zokukwanani kunalibe! Ndinakugulirani zakuda, zachikopa, zokhala ndi kalamba. Ndinkadikira munthu wopita kumudzi woti ndimupatsire, koma uthenga wa maliro unafika msanga kuposa munthuyo. Zakhala m'bokosi pamwamba pa wadirobu zaka zonsezi. Ine sindifikirapo, ndipo sindinkafunanso kufikirapo.

Tsiku lolongedza, Tadala akutsitsa sutikesi, anatsitsa ndi bokosilo. Ndinamuuza eni ake. Anakhala pabedi, anavula zake zamasewera zija, n'kuvala. Zinamukwana, Amayi, ngati anachita kumuyeza! Anaimirira, anayenda mpaka pachitseko n'kubwerera, n'kunena kuti, “They're so ugly, Mum.” Akuti n'zonyansa! Mwana wopanda ulemu ameneyu. Koma anazikulunga mu jezi yake yakale ya ku Aston n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo pondiyang'ana anati, “Za agogo.” M'Chichewa.

Tinamuperekeza kokwerera mabasi ku Digbeth Loweruka m'mawa. Bambo ake ankangomufunsa za tikiti kasanu kasanu. Basi itanyamuka ndinafuna kukhala pansi. Koma ndinakumbuka pa Mponela, ndinawongola msana, ndinaima ndi zala zakumapazi kuti akasuzumira andione. Ndine wamfupi, anthu anali ambiri, ndiye ndinkayesa ndidzamva usiku wake ngati anandiona. Ayi, sanadikire n'komwe: asanatuluke mu mzinda anatumiza uthenga pafoni kuti anandiona.

M'nyumba muli zii, masitepe sakuliranso. Koma mtima wanga uli m'malo, poti sanagwe yekha, ndinamuthyola ndi dzanja langa monga munandiphunzitsira.

Ndikukulonjezani ichi: tsiku lililonse ndikadzamuona akuyamba kuwerama, kaya chifukwa cha mwamuna kaya chifukwa cha pakamwa pa anthu, ndidzamumenya kambama pamsana m'dzina lanu. Ndipo ndikadzabwera kudzaika mwala pamanda panu, ndidzabwera naye atavala nsapato zanu, afune asafune, kuti mudzazimve zikuyenda.

Gonani bwino, Mlongoti wanga. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu wamfupi uja,
Esinati