Chimafa Nthawi ya Nkhomaliro

Lolemba, 9 Juni
Chisanu. Basi yochedwa. Ku ofesi moto: maoda a mankhwala ochokera ku mafamase aimanso masana, kenaka n'kudzuka okha. Bwana Gervasio akuti vuto ndi ngalande ya VPN, yomwe ndinakonza ine kuti malaputopu athu azilankhulana ndi makontena, timabokosi ta mapulogalamu ta pa seva. "Maite, mwana wanga, ngalande yako ikudontha." Digiri yonse ija, mapeto ake wokumba ngalande.

Lachiwiri, 10 Juni
Makiyi achinsinsi a ngalande ndasintha. Maadiresi a makina sakugundana. Masana chafanso. Facundo wa desiki yoyandikana nane akuti mwina makontena nawonso amapita kokadya. Ndam'landa chikho chake cha tiyi wowawa wa kuno, wotchedwa mate.

Lachinayi, 12 Juni
Mwini mafamase waopseza kutisiya. Bwana akuti Lolemba munthu wina "aphunzirapo kanthu". Maso onse pa ine. Kontrakiti yanga ikutha mwezi uno, pomwe lendi yokha siitha.
Mvula. Torta frita, chitumbuwa cha pakona, mafuta okhaokha. Ndadya mokwiya.

Lachisanu, 13 Juni
Ndailondola oda imodzi phazi ndi phazi. Yalowa bwinobwino, koma m'malo mofika pa kontena yake yakhota, yatulukira mu ngalande, ulendo ku laputopu ya munthu. Wina poyesa zinthu analowetsa makina ake m'malo mwa kontena, pa seva zenizeni osati zoyeserera, n'kuiwala kuchotsa.
Laputopuyo ndi ya bwana.
Imagona yotsegula pa desiki pawo. Amaipinda popita ku nkhomaliro pokha, n'kuinyamula kuti a mu lesitilanti aone munthu wotanganidwa. Akangoipinda, maoda amaima. Odwala a shuga azidikira mpaka chivito, sangweji ya nyama, itsike kukhosi kwa akuluakulu!
Facundo: "Konza mwakachetechete, mlongo. Bwana salakwa, amangoyesa." Ndikatero adzati ngalande yanga yachira chifukwa anandikalipira. Ndikawauza pamaso, ndiye kuti ndanyoza amene anandilemba ntchito.

Lolemba, 16 Juni
Sindinakonze. Msonkhano uyamba posachedwa, mwini mafamase wafika kale. Maoda ndawaika pa sikirini yaikulu ya pakhoma, akuyenda ngati madzi. Bwana akubwera, laputopu yotsegula m'manja. Ali ndi kachizolowezi kawo: akafuna kudzudzula munthu, amayamba aipinda kaye, kuti akuyang'ane bwino m'maso.
Ndakhala mpando wakutsogolo.