Mzere Wachikasu

Lolemba, 3 Juni 2013
A Gordon abwera. Popanda uthenga, popanda yunifomu. Achimwene oyendetsa ndege, amene Nchenachena yonse imawatchula m'mapemphero, atsika pa matola ngati wogula khofi. Amama misozi, nkhuku yaphedwa. Wososola ine, monga kale. Adada akuuza anthu kuti ndi tchuthi. Tchuthi chanji munthu osadya?

Lachitatu, 5 Juni
A Gordon andiuza tikuthyola khofi. Awaimitsa ntchito.
Anatera bwinobwino kudziko lina, ndege ikuyenda pansi kupita koima. Panjirapo pali mzere wachikasu, kutsogolo kwake msewu wonyamukira ndege zina. A pansanja yowongolera ndege anati imani pamzere. A Gordon anamva, anavomera okha pa wailesi. Kaputeni, bambo wa imvi amene amayendetsa, osaima.
"Ndinangoti, bwana, kapena timayenera..." Kapena! Mabuleki ali kuphazi kwawonso.
Ndege ina inali itayamba kale liwiro. Inaima mpaka matayala kuphulika. Pothawa kutuluka, mayi wina wachikulire anathyoka chiuno.
Ndawafunsa ngati mkamwa munali mbatata yotentha. Anapitiriza kuthyola khofi.

Lachisanu, 7 Juni
Kaputeni uja waimba foni. Akuti pakafukufuku onse awiri akanene kuti wailesi imadukaduka. Adada avomereza. Mkulu wa mpingo! "Mkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Munthu uja wakuphunzitsa ntchito."
Ndinati, ndiye munalera bwino adada, ulemu wa mwana wanu wathyola munthu chiuno.
Mbama. Pamaso pa amama. Tsaya likadayaka.

Lamulungu, 9 Juni
Kutchalitchi. Azimayi kupanikizana kuti awagwire chanza a Gordon. Iwo yewo, yewo chomene, manja onse awiri, mutu pansi. Umu ndi m'mene anakhalira m'ndegemo, ndikuona.
Ine chiyambire ndili mwana: Kezia pakamwa, Kezia sudzakwatiwa, Kezia taona mlongo wako sayankha akulu. Iye anapita kusukulu ya ndege. Ine Fomu 4, kenako nkhuku.

Lachinayi, 13 Juni
Mayi uja wamwalira kuchipatala.
A Gordon asanza kuseri kwa khitchini. Ndinamva. Sindinapite. Madzi anawapatsa amama.
Dzina la mayiyo a Gordon akulidziwa. Anali kupita kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Adada akuti inali nthawi yake.

Lolemba, 17 Juni
A Gordon anyamuka kupita kukafukufuku. Chisanu choluma. Adada pemphero lalitali, kenako "ukumbukire zimene ndakuuza." Iwo "yewo, adada."
Chikwama ndinanyamula ine mpaka pamsewu, chifukwa amama anandituma. Podikira galimoto a Gordon anandifunsa ndikanakhala ine ndikanatani. Ndinati ndikanakuwa mpaka mkuluyo agonthe makutu. Anaseka pang'ono, kuseka koipa.
Sindinawatsanzike.

Loweruka, 29 Juni
A Gordon anena zoona. Kuti wailesi inali bwino. Kuti anamva, anaona mzere ukudutsa pansi, nakhala chete. Ntchito yatha, onse awiri.
Adada anamvetsera foni ataimirira, kenako anandiyang'ana. "Wamuwononga ndiwe." Chilankhulire mawu amenewo, sanandiyankhulenso. Amama akulira mobisa, akuti tiuza chiyani anthu mawa.
Ndimayesa ndisangalala. Ayi. Mayi uja ali m'manda ndithu.
A Gordon aimba pa foni yanga, sindinayankhe. Aimbanso, ndinaisiya pamphasa.
Ikuliranso. Kaya ndiyambe ndi mawu ati, ine wa pakamwa