Akumuviika mapazi m'madzi kuti akhoze mayeso

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Woyamba, Dailesi, ali ndi zaka 12 ndipo alemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Bambo ake, a Greenwell, analumbira kuti mwanayu apita kusekondale yogonera komweko, osati zoyenderazi.

Ndiye amamudzutsa kusanache n'kumukhazika pampando, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, ati asawodzere powerenga. Tsiku ndi tsiku, ndi chisanu cha ku Lilongwe kuno. Akuti iwonso anakhoza choncho kwawo ku Thyolo. Ndinayamba kuthiramo madzi ofunda mobisa, koma tsiku lina atapisamo chala anati, "Mayi a Dailesi, inu munalekezera Sitandade 6. Za sukulu tisiyireni eniakefe." Mawu amenewo akundiwawabe, poti amene anandisiyitsa sukuluyo ndi iwo omwewo.

Pano mwana akutsokomola, mwezi wachiwiri uno. Amadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, yunifolomu ndachita kuibweza m'chiuno. Ndikatchula chipatala akuti, "Akakamugoneka, mayeso alemba ndani? Mugulireni panado pa okala, tidzapita akamaliza." Dailesi wayamba kutsokomolera m'pilo kuti bambo ake asamve. Dzulo anandifunsa kuti, "Amayi, ndikalephera adadi adzandithamangitsa?"

Nditani ine?

M.G., Chinsapo

Mayi M.G.,

Ndakwiya kwambiri, koma ndi boma. Likuvutikiranji kumanga masukulu pamene nzeru zili m'beseni? Bwenzi achule a mumtsinje wa Lilongwe onse ali maprofesa. Kuyunivesite ndinali nawo oviika mapaziwa. Ankawodzera ndithu ngati tonsefe, kungoti iwo ali onyowa.

Basi, nthabwala zithere pomwepa. Chifuwa chosatha, thukuta la kutulo ndi kuwonda ndi zizindikiro zimene achipatala amayezera chifuwa chachikulu. Sindikuti ndi chimenecho. Ine si dokotala, amuna anu si dokotala, mwini okala uja ndiye kutalitali. Mawa m'mawa muvekeni juzi mwanayo mupite naye kuchipatala cha boma, ndipo mukafotokoze zonse monga mwandilembera ine. Musapemphe chilolezo, mungowadziwitsa bambowo kuti mwapita. Ngati mukuopa mkono wawo, ankhoswe adziwe lero lomwe. Akamupeza nacho musanjenjemere, chimachizika, ndipo ambiri amamwera mankhwala kunyumba. Ang'ono akenso achipatala akawaone.

Inunso sindikusiyani. Madzi ofunda aja anali chikondi, ndikudziwa, koma mwana anadzukabe kusanache, ndipo otunga munali inu. Lekani kutunga. Mwanayo agone mokwanira, adye, ndipo aphunzitsi ake muwauze kuti akudwala.

Za Sitandade 6 zisakutsekeni pakamwa. Amene anakutulutsani m'kalasi asamakunyozereni khomo limene anatseka yekha. Ndipo funso la Dailesi liyankheni msanga, bambo ake akumva: akhoze, alephere, pakhomopo ndi pake.

Chenjerani ndi mawu akuti "akamaliza". Sitandade 8 anthu amabwereza, ena mpaka ndevu. Koma mukadikira, dzina la mwana wanu likhoza kutulukadi kusekondale yogonera, a hedimasitala n'kudzalilengeza pa maliro.

Aphungu